Funsani Achimwene: Kodi setilaiti imaona utsi wa ku Kanyama?

Funso: Achimwene, mwana wanga wa giredi 11 wandionetsa mapu pa Facebook, ati ndi setilaiti yajambula mpweya woipa, kwina kofiira kwina kwa buluu, manje iye akuti ndiye chifukwa chake mng'ono wake amatsokomola chaka chilichonse ikafika Julayi. Ine sindikumvetsa, chinthu chili kumwamba uko chidziwa bwanji utsi wa kuno? Kapena angopenta chabe pa kompyuta? Amake Chisomo, Kanyama.

Yankho: Amake Chisomo zikomo, mwana wanuyo sananame koma wathamanga pang'ono. Mapu ambiri otere amachokera ku setilaiti ya ku Ulaya dzina lake Sentinel-5P, anaiponya kumwamba pa 13 Okutobala 2017, ndipo imayenda makilomita oposa 800 pamwamba pathu. Yanyamula makina otchedwa TROPOMI amene anapangidwa ku Netherlands. Makinawa sanunkhiza utsi ayi, amayang'ana kuwala kwa dzuwa kumene kwagunda pansi nkubwerera m'mwamba, ndiye mpweya uliwonse uli ndi mbali yake ya kuwala imene umameza, nitrogen dioxide wa mamotoka ndi majenereta amameza kwake, sulphur dioxide wa kosungunula kopa naye kwake, carbon monoxide wa moto wa m'tchire chimodzimodzi. Akaona kuti kuwala kwabwerako kopereweza apa ndi apa amadziwa kuti mpweya wakuti ulipo wochuluka chonchi. Kufiira kuja ndi kupenta ndithu, koma akupenta manambala enieni.

Manje funso lovuta ndi ili, kuona kuti mpweya ulipo ndi nkhani ina, kudziwa kuti chumuni yakuti ikutulutsa matani angati pa chaka ndi nkhani inanso. Apa amachita masamu. Tiyerekeze mwakwera pamwamba mwajambula chithunzi chimodzi cha maminibasi ali mu Great East Road, simunapite ku Kulima Tower kukawerenga, koma ngati mukudziwa liwiro lawo komanso kuti ali motalikirana bwanji mutha kunena kuti pa awala amatuluka angati pa siteshoni. Mpweya nawo ndi choncho, chithunzi chimaonetsa mchira wa utsi kuchoka pa fakitale, anthu a zanyengo amapereka liwiro la mphepo ndi kumene ikulowera, basi amachulukitsa. Koma monga maminibasi ena amakhotera ku Kalingalinga osafika ku Chelstone, nitrogen dioxide nayenso amatha m'njira, masana padzuwa amangokhala maawala ochepa, ndiye ayenera kuwerengeranso wotayikayo. Mukalakwitsa mphepo mwalakwitsa zonse, nchifukwa chake akatswiri sadalira tsiku limodzi, amasonkhanitsa zithunzi za miyezi kapena chaka chathunthu nkuzitembenuza kuti mphepo yonse iloze mbali imodzi.

Njira iyi pa zinthu zikuluzikulu imagwira ntchito bwino kwabasi. Mu 2018 bungwe la Greenpeace linagwiritsa ntchito zithunzi za TROPOMI nkuonetsa kuti Mpumalanga ku South Africa, kumene kuli mapawa siteshoni a malasha amiyala a Eskom, kampani ya magetsi ya dzikolo, ndi amodzi mwa malo oipitsitsa padziko pa nitrogen dioxide. Mu 2020 korona itatseka anthu m'nyumba, kufiira kwa ku China ndi kumpoto kwa Italy kunazilala aliyense akuona. Ine chimene chimandisangalatsa ndi chakuti kale mwini fakitale ndiye amalemba yekha lipoti kuti ndatulutsa zochepa chabe, lero pali mboni ina imene sungaigulire chakumwa.

Koma za chifuwa cha mwana wanu, apa mpamene ndikuti mkulu wake wathamanga. Setilaitiyi imadutsa pamwamba pathu kamodzi patsiku, cha m'ma 13:30, nthawi imene dzuwa latenthetsa pansi ndipo utsi wakwera nkumwazikana. Inu mukudziwa nokha kuti utsi wa mu komboni umavuta m'mawa kwambiri ndi madzulo, mbaula zonse zayaka malaiti apita, wina akutentha zinyalala ndi mapulasitiki kuseri kwa nyumba, ndipo mu Juni ndi Julayi kuzizira kumaugwira utsiwo pansi osakwera. Nthawi imeneyo setilaiti ili kutali. Chinanso, kadontho kamodzi pa mapu ndi dera la makilomita 5.5 kwa 3.5, ndiye Chibolya, Soweto Market ndi mbali ya Kanyama zitha kulowa m'kabokosi kamodzi, nyumba yanu siingaoneke. Komanso imawerenga mpweya wonse kuchokera pansi mpaka kumwamba pamodzi, ndiye mu Ogasiti ndi Seputembala anthu akamatentha tchire kuno, ku Angola ndi ku Congo, mapu a carbon monoxide amafiira dera lonse ngakhale utsi wambiri ukudutsa pamwamba pamitu yathu. Nthawi ya mvula mitambo imaphimba, masiku ambiri sipaoneka kanthu.

Ndiye mapu angafiire kapena asafiire, mwanayo mupite naye ku kiliniki akamuone, makamaka ngati chifuwacho chadutsa masabata awiri, ayeze ndi TB yomwe. Ndipo chonde mbaula musalowetse m'chipinda chogona usiku ngakhale kuzizire bwanji, carbon monoxide sanunkha ndipo amapha anthu ali mtulo. Yatsirani panja, malasha agwire bwino, phikani khomo lili lotsegula mwana ali kutali. Ngati pali fakitale kapena malo otayira zinyalala amene akukufukizirani utsi, oyenera kuwauza ndi a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi a khansolo, iwo ndi amene angabwere ndi makina oyezera pansi.

Funso: Achimwene ine ndinakulira ku Mufulira, tinkathawa senta tili ana maso akuwawa. Manje ndikhala ku Matero. Kodi senta ija imaoneka pa setilaiti? Nanga mtovu wa ku Kabwe? Bambo wa ku Matero.

Yankho: Bambo, senta ndi sulphur dioxide, ndipo ameneyu ndi mmodzi mwa mipweya imene setilaiti imagwira bwino akamatuluka wambiri pamalo amodzi. Makina akale otchedwa OMI, amene ali pa setilaiti ya NASA ya Aura kuyambira 2004, akhala akugwiritsidwa ntchito kulemba mndandanda wa malo osungunulira zitsulo, mapawa siteshoni ndi mapiri ophulika padziko lonse ndi matani awo chaka ndi chaka. Za Kabwe ndi zina, mtovu uja uli m'dothi ndi m'fumbi la mgodi wakale umene unatsekedwa mu 1994, makina awa sauona, pamenepo amatenga dothi la pabwalo nkuyeza magazi a ana.