Yankho pa funso la kasinthidwe ka mneni wa Chisipanishi calcular

Achimwene, mwafunsa m'gulu muno kuti mneni wa Chisipanishi calcular, amene tanthauzo lake ndi kuwerengera, amasintha motani, ndipo mwadandaula kuti mukukumana ndi cálculo, calculo ndi calculó, mawu amene kwa inu akuoneka ngati amodzi koma olembedwa mosiyanasiyana. Mwafunsanso ngati muyenera kuloweza tchati chonse chimene mwachipeza pa intaneti. Ine ndikuti musachiloweze ngati mndandanda wa mawu opanda ubale, chifukwa munthu wolankhula Chichewa anazolowera kale ntchito imene tchaticho chikuchita. Chimene chasiyana kwenikweni ndi malo amene tizidutswa tosinthato timaikidwa.

Ife tikamati ndimawerengera, umawerengera, tinawerengera, adzawerengera, tsinde la mneni limakhala lomwelo, ndipo zonse zosonyeza wochita ndi nthawi timaziika kumayambiriro. Chisipanishi chimaziika kumapeto. Aneni ake amagawidwa m'magulu atatu potengera mathero awo, -ar, -er ndi -ir, ndipo gulu la -ar, mmene muli calcular, ndilo lalikulu kuposa ena awiriwo. Mukachotsa -ar mutsala ndi calcul-, ndipo popeza mneniyu ndi wotsatira lamulo, tsindeli silisintha ngakhale lembo limodzi m'nthawi zonse. Pa nthawi ya tsopano mudzanena calculo ponena za inu nokha, calculas polankhula ndi munthu mmodzi amene mumamutchula kuti iwe, calcula ponena za munthu wina, calculamos ponena za ife, calculáis polankhula ndi anthu ambiri ozolowerana nawo, ndi calculan ponena za iwo. Calculo angatanthauze ndimawerengera kapena ndikuwerengera, ndipo mukafuna kutsindika kuti ntchito ili m'kati pakali pano mumati estoy calculando.

Alowam'malo monga yo, ine, tú, iwe, ndi nosotros, ife, nthawi zambiri satchulidwa, pakuti mathero anena kale za wochita. Amene anayamba kuphunzira Chingerezi amakonda kuika yo pa chiganizo chilichonse, koma kwa eni chiyankhulo yo calculo amamveka monga mmene ine ndimawerengera amamvekera kwa ife, ndiye kuti wolankhulayo akudzisiyanitsa ndi wina amene sawerengera. Pa ulemu, Chisipanishi chili ndi usted, amene anachokera ku mawu akale aulemu akuti vuestra merced, ndipo chifukwa cha chiyambi chimenechi amatenga mathero a munthu wachitatu: usted calcula, ustedes calculan. Izi sizachilendo kwa munthu amene anakula akufunsa munthu wamkulu pamaso pake kuti kodi abambo akufuna chiyani. Calculáis, amene amayenda ndi vosotros, inu wa anthu ambiri ozolowerana nawo, mudzamumva kwambiri ku Spain. Ku Mexico, Cuba, Colombia ndi maiko ena a ku America amati ustedes calculan kwa gulu lililonse, laulemu kapena la anzawo, ndipo ku Argentina ndi Uruguay amagwiritsa ntchito vos m'malo mwa tú n'kumati vos calculás. Sankhani potengera anthu amene mukufuna kulankhula nawo, koma ngakhale mutasankha Chisipanishi cha ku America, mathero a vosotros muziwazindikira powerenga.

Tsopano za mawu atatu amene akusokonezani, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera. M'Chisipanishi mawu aliwonse ali ndi phatikizo limodzi limene limatchulidwa mwamphamvu kuposa ena, ndipo malo a mphamvuyo amasintha tanthauzo. Cálculo ali ndi mphamvu pa cal, ndipo si mneni ayi koma dzina: ndi chiwerengero chimene munthu wachita, ndi dzinanso la gawo lina la masamu apamwamba, ndipo kuchipatala limatanthauza kamwala kamene kamapangika mu impso kapena mu ndulu. Calculo ali ndi mphamvu pa cu, ndipo ndi ndimawerengera. Calculó ali ndi mphamvu pa lo, ndipo ndi anawerengera. Choncho mukasiya kachizindikiro kamodzi kokha, mwasintha wochita ndi nthawi yomwe. Ifenso tili ndi mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wogulira katundu, mawu amene amasiyana pa kakwezedwe ka liwu, kungoti ife sitilemba kusiyanako ndipo timadalira chiganizo, pamene Chisipanishi chimakulemba ndi kamzere kamene eni ake amakatcha tilde.

Lamulo la kamzereka ndi lalifupi. Mawu othera ndi a, e, i, o, u, n kapena s amakhala ndi mphamvu pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, mawu othera ndi lembo lina lililonse amakhala nayo pa phatikizo lomaliza, ndipo kamzere kamalembedwa pamene mawu apatuka pa lamulo limeneli. N'chifukwa chake calculo, calculas ndi calculan alibe kamzere, calcular alibenso ngakhale mphamvu ili kumapeto chifukwa wathera ndi r, koma calculó ndi cálculo ayenera kukhala nako. Lilime lathu linazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, motero calculo adzatuluka yekha osavutikira, pamene calculó ndi calculé muyenera kuwayeserera mokweza mawu mpaka pakamwa pazolowere, apo ayi mudzakhala mukunena kuti ndimawerengera pamene mumafuna kunena kuti anawerengera. Samalaninso kuti musaike u pakati pa l ndi c n'kumati kalukula, ndipo l ndi r, amene kwa ife amalowana popanda vuto, m'Chisipanishi ndi malembo awiri osiyana, ndipo onse ali mu calcular. Pa foni, mukakanikiza lembo kwa kanthawi, kamzereka kamaoneka pakati pa zosankha.

Nthawi yakale ili pawiri, ndipo apa wolankhula Chichewa ali ndi mwayi kuposa wolankhula Chingerezi. Yoyamba ndi ya chinthu chimene chinachitika n'kutha: calculé, calculaste, calculó, calculamos, calculasteis, calcularon. Imeneyi ndi ndinawerengera wathu, monga mu ayer calculé el precio del maíz, dzulo ndinawerengera mtengo wa chimanga. Yachiwiri ndi ya chinthu chimene chinkachitika kawirikawiri kapena chimene chinali m'kati: calculaba, calculabas, calculaba, calculábamos, calculabais, calculaban. Imeneyi ndi ndinkawerengera kapena ndinali kuwerengera. Chiganizo chakuti calculaba los gastos cuando se fue la luz chikunena kuti ndinali kuwerengera ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito pamene magetsi anazima, ndipo mukuona kuti kuwerengerako kunali kupitirira pamene kuzima kwa magetsi kunachitika kamodzi. Muzidzifunsa ngati m'Chichewa mukanaika -na- kapena -nka-, ndipo nthawi zambiri yankho lidzakulozerani mathero oyenera. Pali zinthu ziwiri zofanana zimene muyenera kuzidziwa: calculamos ndi timawerengera komanso tinawerengera, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi mawu ena m'chiganizo monga ayer, dzulo. Nayenso calculaba ndi ndinkawerengera komanso ankawerengera, ndipo apa ndi pamene yo kapena él, iye, amabwerera kuti pasakhale chisokonezo. Ndawerengera wathu ndi he calculado, ndipo chimene chimasintha ndi mneni wothandiza yekha: he, has, ha, hemos, habéis, han, pamene calculado amakhala chimodzimodzi. Anthu a ku Madrid amakonda he calculado ponena za zimene zachitika lero, pamene m'madera ambiri a ku America amangoti calculé.

Nthawi yam'tsogolo sivuta, malinga mukumbukire kuti mathero ake amaphatikizidwa ku calcular yense osachotsa -ar: calcularé, calcularás, calculará, calcularemos, calcularéis, calcularán. Mukawayang'anitsitsa muona kuti akumveka ngati he, has, ha, hemos ndi han aja, ndipo n'zoona kuti anachokera kumeneko. Polankhula wamba anthu amatinso voy a calcular. Mofananamo, calcularía, calcularías, calcularía, calcularíamos, calcularíais, calcularían amanena chimene chikanachitika pakanakhala china chake.

Gawo limene mabuku olembera olankhula Chingerezi amaliopseza nalo ophunzira ndi subjuntivo, kanenedwe kosonyeza chifuniro, cholinga kapena kukayika, koma kwa ife ndi gawo lodziwika. Pa aneni a -ar, a wakumapeto amasanduka e: calcule, calcules, calcule, calculemos, calculéis, calculen. Chichewa chimachita chimodzimodzi, ngakhale ziyankhulo ziwirizi zilibe ubale ndipo kufananaku kunangochitika. Timati umawerengera, koma ndikufuna kuti uwerengere, ndipo Chisipanishi chimati calculas, koma quiero que calcules. Wofuna akakhala yemweyo wochita timati ndikufuna kuwerengera, iwonso amati quiero calcular. Para que calculemos ndi kuti tiwerengere, ndipo calculemos payekha ndi tiyeni tiwerengere. Polamula timati werengera, koma poletsa timati usawerengere, ndipo iwo amati calcula, koma poletsa no calcules. Polamula mwaulemu amati calcule usted kwa mmodzi ndi calculen ustedes kwa ambiri, ndipo ku Spain gulu la anzawo amaliuza kuti calculad. Onaninso kuti calcule wopanda kamzere ndi awerengere kapena ndiwerengere, pamene calculé ndi ndinawerengera.

Kufananaku kuli ndi malire ake, ndipo ndibwino muwadziwe msanga. Chisipanishi chimagwiritsa ntchito kanenedwe kameneka m'malo ena amene ife sitiika e. Ponena za nthawi imene sinafike amati cuando calcules el total, pamene ife timati ukawerengera zonse pamodzi. Pokayika amati no creo que calcule bien, pamene ife timangoti sindikukhulupirira kuti amawerengera bwino. Pa aneni a -er ndi -ir zinthu zimatembenuka, e ndiye amasanduka a, motero come, amadya, amakhala coma, adye. Kanenedwe kameneka kalinso ndi nthawi yakale, calculara kapena calculase, ndipo onsewa ndi olondola: si calculara bien, no perdería dinero, akanati aziwerengera bwino sakanataya ndalama. Apanso kamzere kokha ndiko kamasiyanitsa calculara ndi calculará, adzawerengera.

Mudzakumananso ndi mneniyu pamene palibe masamu enieni, chifukwa amagwiritsidwanso ntchito poyerekeza. Calculo que llegaremos a las ocho ndiye kuti ndikuyerekeza kuti tifika 8 koloko, ndipo mneni wotsatirayo sakhala mu subjuntivo chifukwa wolankhulayo akunena chimene akukhulupirira. Kwa anzathu a m'gulu muno a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira Chipwitikizi kusukulu, ambiri mwa matherowa mukuwadziwa kale, koma chenjerani ndi malo amene ziyankhulozi zimasiyana pang'ono: calculam amakhala calculan, calculei amakhala calculé, calculou amakhala calculó, ndipo calculava amalembedwa calculaba.

Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi nthawi ya tsopano ndi nthawi ziwiri zakale, muzipanga ziganizo zanu za mitengo ndi ndalama, kenako muyese mathero omwewo pa hablar, kulankhula, comprar, kugula, trabajar, kugwira ntchito, ndi sumar, kuphatikiza. Mukafuna kutsimikiza, dikishonale ya pa intaneti ya Real Academia Española, bungwe losamalira chiyankhulochi limene linakhazikitsidwa ku Madrid mu 1713, imaonetsa kasinthidwe konse ka mneni aliyense. Musaganize kuti mneni aliyense wothera ndi -ar adzayenda mosalala monga calcular. Buscar, pagar ndi empezar amasintha kalembedwe patsogolo pa e, n'kukhala busqué, pagué ndi empecé. Ndipo contar, kuwerenga zinthu chimodzichimodzi, amene mudzamufuna nthawi zambiri pambali pa calcular, amasintha o wa m'tsinde kukhala ue paliponse pamene mphamvu yagwera pa tsindelo, motero mudzanena cuento, cuentas, cuenta ndi cuentan, koma contamos ndi contáis.