Kusala nyama ya ng'ombe ndi mkaka pa Lenti m'nyumba ya anthu okonda nyama

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Akuti chaka chino atsimikiza mtima kusala nyama ya ng'ombe ndi zamkaka zonse mpaka Pasaka. Vuto ndi loti bambo a kunyumba ndi anyamata awo awiri nsima siitsika popanda nyama, chonsecho wophika ndi mayi omwewo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndiwakakamize tisale tonse, kapena ndiziphika miphika iwiri?"

Mayi, musawakakamize. Chimene Mpingo wa Katolika umalamula ndi kusala nyama pa Lachitatu la Phulusa (tsiku loyamba la Lenti, nyengo yokonzekera Pasaka) ndi Lachisanu lililonse la Lenti, kwa aliyense wokwanitsa zaka 14. Apo ndi nyama yonse, ya nkhuku ndi ya mbuzi yomwe, koma nsomba zimaloledwa. Masiku amenewo muli ndi pomwe mungayambire kukamba ndi banja lonse. Izi za mkaka ndi masiku enawo mwadzisankhira nokha, ndipo ndi zabwino kwambiri, koma ndi nsembe yanu. Mukaisenzetsa munthu amene sanaifune, m'nyumba mungodzala kung'ung'udza, bambowo azingodzera pa chiwaya pochokera kuntchito.

Miphika iwiri isakuopseni. Kazingani anyezi ndi tomato wokwanira, mupatule wanu musanathire nyama. Nyemba phikani zambiri kamodzi, zikutengereni masiku awiri, makala asapite pachabe. Komanso Lenti kuno imabwera pabwino, mvula ili mkati. Pitani mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande m'mawa mukaone: nkhwani wanthete, bonongwe, chisoso, therere, mapeyala, mwinanso bowa. Nkhwani wotendera nsinjiro zambiri, wowira mpaka mafuta a mtedza ayandame pamwamba, pambali pali usipa wokazinga, anyamatawo adzayamba okha kutambasulira dzanja m'mbale yanu. Asiyeni alawe, osawanena.

Chimene chidzakuvuteni kwenikweni ndi mkaka, osati nyama. Nyama ya ng'ombe ndi yodula kale, ambiri timaiona mwa apo ndi apo. Koma tiyi wam'mawa uja! Finyirani ndimu m'tiyi, kapena phikani phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Pa buledi pakani peyala, chifukwa majarini ena amakhala ndi mkaka, muziwerenga pachikutopo. Chambiko ndi yogati nazonso zili m'gulu lomwelo.

Thupi silisowa kanthu mukamadya mosinthasintha. Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo m'menemo muli kashiamu amene mukanapeza mumkaka. Nyemba, nandolo, khobwe ndi soya zimamanga thupi. Koma ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena muli pa mankhwala, yambani mwafunsa kuchipatala. Ana aang'ono musawalande mkaka.

Chinthu chimodzi chimandikhudza mtima. Pa Mateyu 6:16-18 Ambuye akuti tikamasala tisaonetse nkhope yachisoni. Ndiye pogawa nyama ija, igaweni ndi nkhope yowala ngati kale. Ndalama ya mkaka ndi nthuli zanu muziika padera, mukagulire ufa wodwala kapena wokalamba wa m'Limana mwanu (kagulu ka Akatolika a m'dera lanu), monga akunenera Yesaya 58:7.

Bambowo akambireni Lachitatu la Phulusa lisanafike, muli awiri, osati nsima ili kale patebulo. Muwauze kuti ndiwo zawo sizisintha kupatula Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu, ndipo muwapemphe kuti masiku amenewo azibwera ndi nsomba.