"Merry Christmas" kapena "Happy Holidays": ndilembe chiyani pakhomo la sitolo yanga?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, kumene kuli Amalawi ambirindithu. Ali ndi kasitolo kogulitsa ufa, nyemba, nsomba zouma, zitenje ndi mafuta a tsitsi. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Makasitomala anga ndi Akhristu, Asilamu ndi ena osapemphera. Mwana wanga akuti pachikwangwani cha Disembala tilembe Happy Holidays kuti tisakhumudwitse munthu. Koma pagulu la WhatsApp la kutchalitchi kwathu atumiza mndandanda wa masitolo oti tisamagulemo chifukwa anachotsa dzina la Khirisimasi. Nkhaniyi inayamba bwanji, ndipo ine ndilembe chiyani?"

Mayi, chinthu cha Khirisimasi chitchuleni kuti ndi cha Khirisimasi. Chimene chimaputa mavu pa nkhaniyi si kupatsa moni Msilamu kapena Myuda ayi, koma kufufuta dzina pa chinthu chimene aliyense akuchiona ndi maso kuti ndi cha Khirisimasi. Zimene zinachitikira masitolo akuluakulu zikusonyeza zomwezo.

Poyamba mawu oti Happy Holidays analibe mlandu. Nyengo ya malonda ku America imayamba ndi Thanksgiving, tchuthi chothokoza cha kumapeto kwa Novembala, n'kukathera pa 1 Januwale. M'kati mwa masabata amenewa muli Hanukkah ya Ayuda, ya masiku 8, muli Khirisimasi, muli Kwanzaa, chikondwerero cha anthu akuda a ku America, imene Maulana Karenga anayambitsa mu 1966 ndipo imachitika kuyambira pa 26 Disembala mpaka pa 1 Januwale. Kwa wamalonda, chikwangwani chimodzi chokhala pakhomo masabata 6 n'chotsika mtengo kusiyana ndi kusindikiza zinayi. Ndipo liwu loti holiday linachokera ku mawu akale a Chingerezi otanthauza tsiku lopatulika, ndiye si liwu lachikunja monga ena amanenera.

Zinthu zinatentha mu 2004 ndi 2005, pamene muulutsi Bill O'Reilly ndi anzake pa TV ya Fox News anayamba kunena usiku ndi usiku kuti kuli nkhondo yolimbana ndi Khirisimasi. Mu Novembala 2005 kasitomala wina anadandaula pa imelo ku kampani ya masitolo akuluakulu ya Walmart kuti bwanji akulemba Happy Holidays. Wantchito amene anayankha imeloyo, m'malo mopepesa kapena kungothokoza, anayamba kuphunzitsa kasitomalayo kuti miyambo ya Khirisimasi inachokera kuchikunja. Imeloyo inafika m'manja mwa Bill Donohue wa bungwe la Catholic League, iye n'kulengeza kuti Akhristu anyanyale kugula ku Walmart. Sipanathe masiku ambiri, kampaniyo inapepesa, wantchito uja ntchito inamuthera, ndipo mu 2006 Walmart inabwezeretsa Merry Christmas m'zotsatsa zake. Chaka chomwecho cha 2005 bungwe la American Family Association, la ku Tupelo m'chigawo cha Mississippi, linanyanyalitsa anthu ku masitolo a Target chifukwa chosatchula Khirisimasi m'zotsatsa, ndipo Target inabweza moto. Mu 2005 momwemo kampani ya masitolo a zomangira ya Lowe's inapachika zikwangwani zotcha mitengo ya Khirisimasi kuti holiday trees, anthu n'kukwiya. Mu 2007 inabwerezanso m'kabuku kake ka malonda ndi family trees, n'kupepesanso. Apa kunena zoona odandaulawo anali ndi mfundo. Mtengo wovekedwa timagetsi mu Disembala palibe Myuda kapena Msilamu amene amaugula pa chikondwerero chake, ndiye kuubisa dzina sikusangalatsa aliyense.

Koma si madandaulo onse amene ali ndi mutu. Mu 2009 kampani ya zovala ya Gap inatulutsa chotsatsa cha pa TV chotchula Khirisimasi, Hanukkah, Kwanzaa ndi tsiku limene dzuwa limatembenuka m'nyengo yozizira, zonse mumpweya umodzi. Dzina la Khirisimasi linalimo, komabe American Family Association inati ayika kubadwa kwa Yesu mumphika umodzi ndi zachikunja. Mu 2015 kampani ya khofi ya Starbucks inatulutsa makapu ofiira opanda zojambula, ndipo vidiyo ya mlaliki Joshua Feuerstein inafala pa Facebook yonena kuti kampaniyo imadana ndi Yesu. Donald Trump, pa nthawiyo akuchita kampeni ya upulezidenti, anati mwina anthu anyanyale. Chonsecho makapu a zaka zam'mbuyo anali ndi zithunzi za chipale, mphalapala ndi zokongoletsa mtengo, osati khola la ku Betelehemu, ndipo m'masitolo omwewo ankagulitsabe khofi wolembedwa Christmas Blend. Ku Britain nako, kampani ya masitolo ya Tesco itaonetsa banja la Chisilamu m'chotsatsa cha Khirisimasi mu 2017, ena anaopseza kunyanyala ngakhale kuti palibe chimene chinachotsedwa.

Phokoso lake ndi lalikulu kuposa anthu ake. Kafukufuku wa Pew Research Center wa 2017 anapeza kuti anthu 52 pa 100 alionse ku America alibe nazo ntchito kuti m'sitolo apatsidwa moni uti, 32 amafuna Merry Christmas, ndipo 15 amafuna moni wosatchula chipembedzo. Anthu pafupifupi 90 pa 100 amakondwerera Khirisimasi mwanjira ina yake, kuphatikizapo ambiri osapita kutchalitchi.

Tsopano za sitolo yanu. Musasindikize chikwangwani chimodzi choti chisenze zonse. Pangani ziwiri. Choyamba, cha nyengo yonse, chipachikidwe sabata ya Thanksgiving, chokhala ndi mitengo yotsitsidwa ndi maola otsegulira. Apa Happy Holidays kapena Season's Greetings palibe vuto chifukwa chikunenadi za masabata onsewo. Chachiwiri chikwere chakumayambiriro kwa Disembala, cholembedwa Merry Christmas, ndipo pansi pake Khirisimasi yabwino, popeza ambiri olowa pakhomo panu ndi anthu akwathu. Katundu aliyense wa Khirisimasi, kaya ndi mpunga ndi nkhuku zimene mwamanga pamodzi kapena zitenje zopatsana mphatso, alembedwe dzina lake lenileni. Ngati malo achepa mukalemba Xmas, dziwani kuti X ameneyo ndi chilembo choyamba cha dzina la Khristu m'Chigiriki ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka mazanamazana, koma ambiri sadziwa zimenezi ndipo amaona ngati mwadula Yesu. Kuli bwino kuchepetsa zilembo n'kulemba liwu lonse.

Asilamu musawasakire malo pachikwangwani cha Disembala. Eid imasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo zaka zino siikugwa mu Disembala n'komwe. Ulemu weniweni ndi kupachika Eid Mubarak pa nthawi yake, ndi kuonetsetsa kuti m'mwezi wa Ramadan muli zipatso za tende ndi nyama ya halaal ngati mumagulitsa nyama. Kwathu ku Malawi timazidziwa kale izi: Eid ndi tchuthi cha boma monga Khirisimasi, ndipo wamalonda wa ku Mangochi kapena ku Limbe amadziwa nyengo ya aliyense popanda kuisakaniza ndi ya mnzake. Ngati Gap inalakwa penapake, cholakwa chake chinali chimenechi, kuthira zikondwerero zonse mu ndiwo imodzi mpaka iliyonse kutaya kukoma kwake.

Pakauntala m'pamene zinthu zimasokonekera kawirikawiri. Musalamule antchito kuti azinena Merry Christmas, ndipo musawaletse. Njira yosavuta ndi yakuti wantchito abweze moni umene kasitomala wapereka, ndipo ngati kasitomala sanayambe, "zikomo, mupite bwino" akukwana. Ngati muli ndi wantchito wa Mboni za Yehova, iye sakondwerera Khirisimasi ndipo sangapereke moni umenewo kapena kuvala chipewa chofiira, musamukakamize. Lamulo la Civil Rights Act la 1964, gawo lotchedwa Title VII, limafuna kuti olemba ntchito anthu 15 kapena kuposa alolere chikhulupiriro cha wantchito ngati sizikuwononga bizinesi kwambiri, ndipo lamulo la Indiana loletsa tsankho limayambira pa antchito 6. Ngakhale muli ndi awiri okha, kukangana ndi wantchito chifukwa cha moni n'kutaya munthu wabwino pachabe. Kumbali ya chikwangwani, palibe lamulo lokuuzani cholemba. Malire a First Amendment, gawo la malamulo aakulu a America lokhudza ufulu wa chipembedzo ndi wa kulankhula, amamanga boma, osati sitolo ya munthu.

Wina akadandaula, pa WhatsApp kapena pamaso, yankho likhale la mizere iwiri: mwathokoza, ndipo sitolo yanu imalandira aliyense ndi kukondwerera Khirisimasi. Musayambe phunziro la mbiri yakale. Chimene chinagwetsa Walmart m'mavuto sichinali chikwangwani koma imelo yamwano ija. Ndipo mwana wanu akamayang'anira tsamba la Facebook la sitolo, mugwirizane kuti asayankhe ali wokwiya, asafufutenso ndemanga zaulemu, chifukwa munthu wofufutidwa amajambula sikirini n'kukaifalitsa pagulu lina.

Za mndandanda wa kutchalitchi uja: mabungwe a Chikhristu a American Family Association ndi Liberty Counsel akhala akutulutsa mindandanda yotere chakumapeto kwa chaka, yogawa makampani m'magulu a abwino ndi osamvera. Kusankha kumene mukasiye ndalama zanu ndi ufulu wanu, ndipo mindandandayo inasinthadi zotsatsa za makampani angapo. Koma musanautumize kwa ena, onani zinthu ziwiri. Chaka chake ndi chiti? Mindandanda ya pa WhatsApp imazungulira zaka zambiri, ndipo sitolo imene inalembedwa kuti ndi yosamvera mu 2009 mwina inasintha kalekale. Chachiwiri, muyeso wake ndi wotani? Kwenikweni amaona ngati liwu loti Christmas likupezeka m'zotsatsa. Saona malipiro a antchito, kapena ngati antchitowo amapatsidwa mpata wopita kutchalitchi pa 25 Disembala. Ndiye kampani imene yalemba dzina la Khristu kambirimbiri pofuna kugulitsa ma TV imakhoza mayeso. Akhristu ena amaona kuti vuto lalikulu ndi limeneli, ndipo maganizo awo si achilendo ku America: a Puritan, Akhristu okhwimitsa malamulo a ku Massachusetts, analetseratu kukondwerera Khirisimasi kuyambira 1659 mpaka 1681, wopezeka akukondwerera ankalipa mashilingi 5.

Chomaliza, poti mumagulitsa zakudya za ku Africa: ngati pakati pa makasitomala anu pali a ku Ethiopia kapena Eritrea a mpingo wa Orthodox, Khirisimasi yawo ndi pa 7 Januwale. Musatsitse chikwangwani chachiwiri chija pa 26 Disembala. Chisiyeni mpaka sabata yachiwiri ya Januwale, ndipo ufa wa teff ndi tsabola wa berbere muitanitsiretu mu Disembala.