Musanatumize ndalama ku Joni, yesani kaye chala chanu

Achimwene amene mwafunsa za mfuti yaing'ono ya Glock 17, ndawerenga zonse pamodzi ndi mayankho a anzathu. Mwati chilolezo muli nacho, koma mukawombera pa mtunda wa mamita 25 zipolopolo zikungogwera mmunsi chakumanzere kwa chandamale, ndiye msuweni wanu wa ku Joni akuti akugulireni paipi ina (modutsa chipolopolo), tiriga yofewa (kokoka ndi chala powomba) ndi masaiti atsopano (tochalira ta pamwamba pa mfuti). Mukufuna kudziwa ngati zimenezi zingathetse vutolo. Ine ndinapuma ntchito ya yunifomu, ndimakhala ku Matawale konkuno, ndipo zaka zambiri ndinkaphunzitsa anyamata kuwomba. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Simunanene, koma ndikutha kuuza kuti mumawomba ndi dzanja lamanja. Mmunsi chakumanzere ndi kumene kumagwera zipolopolo za munthu wamanja amene thupi lake likuopa kulira kwa mfuti. Chala chisanamalize kukoka tiriga, dzanja lonse limayamba lafinya, mkono n'kukankhira kutsogolo pofuna kulimbana ndi kugunda kwa mfutiyo, kamwa la paipi n'kuzyolika pang'ono. Mwiniwake sazindikira n'komwe chifukwa zonse zimabisika m'phokoso. Wamanzere zake zimagwera mmunsi chakumanja. Ndaziona kwa anthu ochuluka, ena a maudindo akuluakulu, ndipo aliyense ankayamba ndi kunena kuti mfuti ndi yokhota.

Taonani kuchepa kwa chimene chikukuphonyetsani. Pa Glock 17, kuchoka pa saiti yakumbuyo kufika pa yakutsogolo pali mamilimita pafupifupi 165. Saiti yakutsogolo ikangosuntha milimita imodzi yokha, pa mamita 25 chipolopolo chimakagwera masentimita 15 kutali ndi pamene munachalira. Milimita imodzi! Ndiye mfutiyo yokha yopanda zipolopolo sifika kilogalamu, pamene tiriga yake imafuna mphamvu ya makilogalamu awiri ndi theka kuti iwombe. Mukukoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa chinthu chimene mukufuna chisagwedezeke. Luso lonse la mfuti yaing'ono lagona pamenepo.

Mlandu umenewu ndi wosavuta kuweruza. Khalani pansi, manja muwatsamiritse pa thumba la mchenga, muwombe zisanu modekha. Kapena mupatseni munthu wodziwa awombe ndi mfuti yanu yomweyo. Glock yabwinobwino, ndi zipolopolo zabwino, imaziunjika pamalo osaposa chikhatho pa mtunda umenewo. Zikaunjikana koma pambali, ndiye kuti saiti yakumbuyo ikufunika kusunthira mbali imene mukufuna zipolopolo zipite, ntchito ya mphindi zochepa kwa armourer, mmisiri wokonza mfuti. Njira ina imene ndinkaikonda: mnzanu akudzazireni magazini, asakanizemo zipolopolo zapulasitiki zophunzirira, inu osaona. Mukafika pa chosaliracho mudzaona nokha mfuti ikuzyolika ngati nkhuku yotola chimanga. Ambiri amaseka mwamanyazi, nkhani ya paipi n'kuthera pomwepo.

Tsono za katundu wa msuweni wanu. Paipi ndi imene ndingaiike pamapeto. Mfuti zamtunduwu paipi yake imapendekeka ikamawomba n'kubwereranso m'malo mwake, nzeru ya John Browning, katswiri wopanga mfuti wa ku America. Paipi ya mpikisano imathandiza pokhapokha ikakhala yothina bwino moti izibwerera pamodzimodzi nthawi zonse, ndipo kuti itero imafuna mmisiri woipala mwa muyezo. Zongolowetsa zija nthawi zambiri sizisiyana ndi yobadwa nayo. Ngakhale itakhala yabwino, ichepetsa masentimita awiri kapena atatu, inu mukuphonya ndi 20. Komanso yothina kwambiri imadana ndi fumbi ndi litsiro, imayamba kukakamira. Glock inatchuka kuyambira pamene asilikali a ku Austria anaisankha mu 1982 chifukwa imalira ngakhale itada, osati chifukwa cha mipikisano. Ngati Glock yanu ndi ya mtundu wa Gen5, umene unatuluka mu 2017, paipi anaikonza kale kufakitale.

Tiriga ndiye musaikhudze. Inde, yofewa imabisa chala choipa, mwina sabata yoyamba mudzasangalala. Koma Glock ilibe kaloko kakunja ngati ka Browning Hi-Power imene ambiri a ife tinakulira nayo. Zotetezera zake zitatu, chimodzi pa tiriga pomwepo ziwiri m'kati, zonse zimamasuka ndi kukoka tiriga komweko. Mukasintha tizitsulo ndi tisipuling'i ta m'katimo mukuseweretsa chitetezo chenichenicho. Ndinaonapo mfuti ya bambo wina imene wina wake anaipala ndi fayilo kuti ifewe. Tsiku lina inalira akuibwezera m'chikwama chake cha m'chiuno, chipolopolo n'kuboola pansi pafupi ndi phazi. Ndinali chapafupi, mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsemwe. Ndiponso sipuling'i yofooka imalephera kuphulitsa zipolopolo zina, mfuti n'kungoti khethe pa nthawi imene mukuifunitsitsa.

Masaiti okha ndi amene ndingavomere. Obwera ndi Glock ndi apulasitiki, amaperepeseka, ndipo achitsulo okhala ndi yakutsogolo yooneka bwino ndi ndalama yosapita pachabe. Ngati zaka zanu zadutsa 40 ndipo mwayamba kutalikitsa foni powerenga, saiti yakutsogolo iyamba kuoneka mwachimbuuzi. Apo kagalasi ka kadontho kofiira kamathandiza zedi, poti diso limangoyang'ana chandamale. Koma kamafuna batire, kamafuna malo ake pamwamba pa mfuti, ndipo mvula ya ku Zomba kuno mukuidziwa, galasi limachita nthunzi. Ndiponso sikaletsa dzanja kufinya, kamangokuonetsani kadontho kakuthawa.

Palibe amene watchula zipolopolo. Za 9mm zimabwera zolemera mosiyana, 115, 124 ndi 147 grain (muyezo wa kulemera kwa chipolopolo), ndipo sizigwera pamodzi. Mukasakaniza mitundu m'magazini imodzi, kapena mukagwiritsa zimene zakhalitsa m'kabati yachinyontho mpaka kubiriwira, musadabwe zikamwazikana. Sankhani mtundu umodzi muzolowerane nawo.

Mchemwali amene walemba kuti msuweniyo angobisa katunduyo m'chikwama pa basi, pepani, mumangitsa anthu. Paipi ya mfuti si sipeyala ya njinga. Lamulo lathu la mfuti la 1967 ndi lakale koma likugwirabe ntchito, ndipo chilolezo chanu ndi cha mfuti imene inalembedwa nambala. Glock nambalayo imalembedwanso pa paipi. Musanaitanitse kanthu kalikonse pitani kupolisi, ku ofesi yoona za mfuti, mukafunse, ndipo yankho likhale lolemba.

Ndalama ya paipiyo mugulire zipolopolo zovomerezeka ndi kulipira mphunzitsi. Kunyumba mungathe kuphunzira osawomba: chotsani magazini, onetsetsani kawiri kuti m'paipi mulibe kanthu, zipolopolo zikhale chipinda china, lozani khoma la njerwa lopanda munthu kuseri, ikani kakobili pamwamba pa mfuti chakutsogolo, muzikoka tiriga pang'onopang'ono kakobiliko kasagwe. Mphindi khumi patsiku zakwana. Kuwomba kwenikweni ndi ku renji yololedwa basi, malo ophunzirira kuwomba, osati kumunda kapena m'phiri mwathumu, chifukwa chipolopolo cha 9mm chimatha kuuluka kupitirira kilomita ndi theka, ndipo m'nkhalangomo mumakhala amayi otola nkhuni. Mukapita yambirani pa mamita 7, osati 25, ndipo muvale zotseka m'makutu, mantha a dzanja amachepa phokoso likachepa. Pepala la pa thumba la mchenga ndi la choimirira mudzawajambule onse awiri muwaike muno tidzaone.