Nyimbo yopanda mawu ingasimbe bwanji za ngwazi?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 wayamba kukonda nyimbo za okestra. Tsiku lina anandifunsa kuti nyimbo yopanda mawu ingasimbe bwanji za ngwazi, ine kukamwa yasa. Ndimuyankhe chiyani? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, mwanayo wafunsa zakupsa. Musamuyankhe ndi pakamwa pokha, khalani naye pansi mumvere limodzi.

Yambani ndi Peter and the Wolf, imene Sergei Prokofiev anapekera ana mu 1936. Mmenemo mbalame ndi chitoliro, mmbulu ndi malipenga atatu olira moopsa, pomwe Peter, kamnyamata kolimba mtima, ndi mavayolini ndi zoimbira zina za zingwe. Sipatenga nthawi, mwanayo aziyamba ndi iye kukuuzani kuti uyo Peter wafika.

Akazolowera, mumuikire imene ine ndimaikonda koposa, simfoni (nyimbo yaitali ya okestra ya magawo angapo) yachitatu ya Ludwig van Beethoven yotchedwa Eroica, kutanthauza kuti ya ungwazi. Imayamba ndi kugunda kuwiri kwamphamvu, gulu lonse pamodzi. Kenako machelo, zoimbira za zingwe zonga mavayolini akuluakulu, amatenga nyimboyo motsitsa, koma asanapite patali amaterereka pa noti yachilendo, ngati munthu wapunthwa. Pamenepo m'pamene mwana atchere khutu. Ambiri amaganiza kuti ungwazi m'nyimbo ndi phokoso la malipenga ndi ng'oma basi. Ayi ndithu. Beethoven akutionetsa munthu akugwa, kudzuka, kulimbananso. Gawo lachiwiri ndi nyimbo ya maliro, yoyenda pang'onopang'ono ngati anthu onyamula bokosi. Nditaimva koyamba ndinasiya zomwe ndinkachita, misozi ili m'maso.

Mumuuzenso nkhani yake, ana amaikonda. Beethoven ankafuna kulemekeza nayo Napoleon Bonaparte, pomuona ngati womasula anthu. Atamva mu 1804 kuti Napoleon wadzipanga mfumu yaikulu ya France, anafufuta dzinalo mwaukali mpaka pepala linabooka.

Yomaliza ikhale yaifupi, ya mphindi zitatu chabe: Fanfare for the Common Man, ya Aaron Copland wa ku America, ya mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Muli malipenga ndi zogunda zokhazokha, ndipo wolemekezedwayo ndi munthu wamba. Ikamalira, mufunseni mwanayo kuti akuona ndani m'maganizo mwake, ndipo mudikire ayankhe yekha.