Yambani ndi Ghost in the Shell ya 1995, koma samalani ndi mayina ofanana

Achimwene, mwati mwamaliza magawo 10 a Cyberpunk: Edgerunners ndipo mukufuna anime ina, makatuni a ku Japan aja, yokamba za makina, nzeru ndi funso lakuti munthu amasiyana pati ndi loboti, koma bandulo yanu si yoti muziyesera chilichonse. Yambani ndi Ghost in the Shell ya 1995, yomwe anawongolera ndi Mamoru Oshii potengera manga (buku la nkhani ya zithunzi) ya Masamune Shirow. Sikwana n'komwe ola limodzi ndi theka, ndipo funso lanulo ndiye msana wa filimu yonse.

Nkhani ikuchitika mu 2029. Motoko Kusanagi amagwira ntchito m'gulu la chitetezo la boma lotchedwa Section 9. Thupi lake lonse ndi lopanga, chake chenicheni ndi ubongo wokha, ndipo ubongowo iye sanauonepo ndi maso ake. Thupilo ndi katundu wa boma: atafuna kusiya ntchito, ayenera kulibweza pamodzi ndi zinsinsi zomwe zili m'mutu mwake. Koma pofunika kutchera khutu kwambiri ndi pa bambo wina wotola zinyalala. Bamboyu amakhulupirira kuti mkazi wake akufuna kumusiya n'kutenga mwana wawo wamkazi, ndipo amayenda ndi chithunzi cha mwanayo. Apolisi atamugwira amamuuza kuti sanakwatirepo, mwana alibe, zonsezo wina anachita kumulowetsera mu ubongo, ndipo palibe njira yotsimikizika yozifufutira. Misozi yake ndi yeniyeni ngakhale mwanayo kulibe. Mukamvetsa pamenepa, mantha a Kusanagi pa za iye mwini simuvutikanso kuwamva, ngakhalenso mfundo ya Puppet Master, pulogalamu ya kompyuta yomwe imapempha boma kuti liiteteze ngati chamoyo, ponena kuti DNA nayonso ndi pulogalamu yongofuna kudzisunga.

Onerani m'Chijapani, muziwerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Chifukwa chake chili koyambirira kwenikweni: mnzake Batou atamufunsa za phokoso lomwe likumveka mu ubongo wake, Kusanagi amayankha kuti ali kumwezi. Mu filimu yolankhula Chingerezi anasintha n'kunena za waya womasuka. Nthabwala ya mkazi amene thupi lake silingabereke inatayika pomwepo, pamene mapeto a filimuyi agona pa kubereka ndi kufa. Pakatikati palinso mphindi zingapo zopanda wolankhula, mvula, maboti ndi misewu yotengera Hong Kong, nyimbo ya Kenji Kawai ili mkati. Musathamangitse pamenepo.

Tsopano msampha wa mayina, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amawonongera data. Ghost in the Shell 2.0 ya 2008 si nkhani yachiwiri ayi, ndi filimu yomweyo ya 1995 koma malo ena anajambulanso ndi kompyuta, ndipo zojambula zatsopanozo sizigwirizana ndi zakale. Yachiwiri yeniyeni ndi Innocence ya 2004, yokongola kwabasi koma yolemera ndi mawu a anthu anzeru akale, isungeni. Ya 2017 yomwe muli Scarlett Johansson ndi ya anthu enieni, ya ku Hollywood, ndipo funso lija inalichepetsa n'kukhala nkhani ya munthu wofufuza dzina lake lakale. SAC_2045 ya pa Netflix musayambire, imaganiza kuti anthu ake mumawadziwa kale.

Mukachoka pa filimu ya 1995, pitani pa Stand Alone Complex ya 2002, ya Kenji Kamiyama, magawo 26. Mayina ndi omwewo koma nkhani ndi yoima payokha, choncho musadabwe kuona Kusanagi ali pa ntchito ngati palibe chinachitika. Gawo lililonse limalembedwa koyambirira kuti ndi Stand Alone, kutanthauza mlandu wothera pomwepo, kapena Complex, lomwe limapitiriza mlandu waukulu wa Laughing Man, katswiri wothyola makompyuta ndi maubongo a anthu. Pali filimu yofupikitsa yomwe inasonkhanitsa za Laughing Man zokha. Ife sitikulimbikitsani imeneyo, chifukwa zomwe inadula ndi zomwe inu mukufuna. Tikunena za ma Tachikoma, timatanki tabuluu tolankhula ngati ana. Iti timagawana zonse zomwe taona, ndiye tinayenera kukhala tofanana ndendende, koma kamodzi kamayamba kusiyana ndi anzake chifukwa Batou amakakonda n'kumakapatsa mafuta achilengedwe. Gawo 12 ndi gawo 15 ndi awo, ndipo gawo 15 pafupifupi lonse ndi timakina tikukambirana za imfa ndi za kuopa kuphwasulidwa. Likakugwirani mtima, 2nd GIG, yomwe imapitiriza Stand Alone Complex, ili ndi magawo 26 enanso, okamba kwambiri za othawa kwawo ndi ndale.

Serial Experiments Lain ya 1998 ndi ya mtundu wina. Magawo 13, mfuti ndi zochepa, nkhani ikuyenda pang'onopang'ono. Mtsikana wa pasukulu, Lain Iwakura, amalandira imelo kuchokera kwa mnzake yemwe anadzipha, yonena kuti iye wangosiya thupi koma akadali moyo mu Wired, yomwe ndi intaneti ya m'nkhaniyi. Kenaka anthu amayamba kunena kuti akumana ndi Lain wina, wamwano, pa intanetipo. Inapangidwa Facebook kulibe, koma funso lake lakuti weniweni ndi uti pakati pa munthu wa m'nyumba ndi wa pa intaneti lakula ndi zaka. Chomwe chimalakwika ndi kuionera yonse usiku umodzi: pofika gawo 7 mutu wazungulira ndipo munthu amangoisiya. Magawo awiri pa tsiku akwanira, ndipo muike mahedifoni, popeza kulira kwa mawaya a magetsi ndi mbali ya nkhani.

Ngati mukufuna yothamanga ngati Edgerunners, tengani Psycho-Pass ya 2012, magawo 22 oyamba omwe analemba ndi Gen Urobuchi. M'menemo makina otchedwa Sibyl amayeza maganizo a munthu aliyense n'kumupatsa nambala. Ikapitirira 100 mfuti ya apolisi imatseguka kuti imukomole, ikapitirira 300 imatseguka kuti imuphe, ngakhale asanapalamule. Vuto limabwera ndi Makishima, chigawenga chomwe nambala yake siikwera ngakhale chikupha munthu pamaso pa wapolisi. Magawo 11 otsatira analemba ndi wina, ndipo mukhoza kuwadumpha osataya kanthu.

Akira ya 1988 aliyense akutchulirani. Ioneni chifukwa cha zojambula zake za pamanja ndi mzinda wa Neo-Tokyo, koma dziwani kuti imakamba za mphamvu ndi mkwiyo wa achinyamata, osati za nzeru za makina, ndipo Katsuhiro Otomo anapanikiza manga ya mabuku 6 m'maola awiri, n'chifukwa chake theka lachiwiri limasokoneza. Yoyandikira funso lanu ndi Pluto ya 2023 pa Netflix, magawo 8 a pafupifupi ola limodzi lililonse, yokamba za loboti yaupolisi, Gesicht, yofufuza yemwe akupha maloboti amphamvu kwambiri padziko.

Pa za data, Netflix imawerengera pafupifupi 0.7 GB pa ola mukaika pa mlingo wapakati, ndi mpaka 3 GB pa ola mukaika HD. Magawo 26 a mphindi 25 ndi maola pafupifupi 11, ndiye ndi 8 GB kapena kupitirira 30 GB, malingana ndi zomwe mwasankha. Lain inapangidwira TV yakale ya 4:3, choncho 480p ndi yokwanira. Musaitambasule kuti idzaze sikirini, nkhope zimaphwatalala. Filimu ya 1995 yokha ndiyo muipatse 720p kapena kuposa, chifukwa ili ndi mdima wambiri ndipo pa mlingo wotsika mdimawo umasanduka timabokosi. Yang'anani kaye ngati mutuwo ulipo m'dziko lomwe muli musanagule bandulo, popeza mndandanda umasiyana dziko ndi dziko. Chinanso, poti ndi makatuni ana adzabwera kudzakhala pambali panu. Zonsezi ndi za akuluakulu: muli maliseche, magazi ndi kudzipha, makamaka gawo loyamba la Lain ndi la Psycho-Pass.