Tiyi, kuthamanga mtunda wautali ndi kuundana kwa magazi

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wa ku Chilomoni amene amakwera Michiru Loweruka lililonse pokonzekera mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje. Mnzawo anawauza kuti kuthamanga kwambiri kumaundanitsa magazi, choncho azimwa tiyi wobiriwira wambiri kapena aspirin asananyamuke. Akufunsa ngati n'zoona.

Achimwene, mnzanuyo wagwira mutu koma mchira wam'pulumuka.

M'magazi muli tizidutswa totchedwa ma platelet, timene timamatana kuti bala lisiye kukha magazi. Munthu wathanzi amakhala nato pakati pa 150,000 ndi 450,000 mu microlitre imodzi, ndipo kalikonse kamakhala masiku 7 mpaka 10. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limasungidwa mu kapamba. Mukapanikiza thupi pachikweza, adrenaline, homoni amene thupi limatulutsa likapanikizika, amafinya kapambayo, tizidutswato timakhuthukira m'mitsempha ndipo timamata msanga. Thukuta nalo limachepetsa madzi, magazi n'kukhala okhathamira. Zimenezi zimavuta kwambiri munthu amene wakhala miyezi osachita masewera kenaka n'kudzidzimutsa thupi. Amene amathamanga pafupipafupi, mowonjezera pang'onopang'ono, ma platelet ake samata msanga akamapuma, koma akasiya milungu ingapo phinduli limatha.

Pa nkhani ya tiyi: ma polyphenol, mankhwala achilengedwe a m'zomera, amapezeka mu tiyi wathu wa ku Thyolo ndi Mulanje, wakuda ndi wobiriwira yemwe, mu koko, anyezi wofiira, malambe ndi chidede. Amathandiza khoma la mitsempha kutulutsa nitric oxide, amene amamasula mitsempha ndi kufooketsa kumatana kwa ma platelet. Koma mphamvu yake ndi yochepa ndiponso yosakhalitsa: a mu koko amachuluka m'magazi pakatha ola limodzi kapena awiri, kenaka amatsika. Mu 2012 bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, linavomereza kuti mamiligalamu 200 a ma flavanol (mtundu wa ma polyphenol) a koko patsiku amathandiza mitsempha kutamuka bwino. Musanyengedwe ndi zakumwa zotsekemera za chokoleti. Zambiri n'shuga, koko wake ndi wongonunkhiritsa.

Makapu awiri kapena atatu a tiyi patsiku, woviikidwa mphindi 3 mpaka 5, akukwanira. Musamwere pa nsima. Tiyi amatchinga ayironi wa mu nyemba ndi masamba kuti asalowe m'thupi, pomwe othamanga ena, makamaka amayi, amaperewera kale magazi. Dikirani ola lathunthu mutadya. Makapisozi a tiyi wobiriwira asiyeni, chifukwa EGCG, polyphenol wa mu tiyiyu, akafika mamiligalamu 800 patsiku amatha kuvulaza chiwindi.

Za aspirin ndiye ayi, pokhapokha adokotala atakulemberani. Iye amalemaza platelet moyo wake wonse, ndiye mukaterereka pamiyala ya Mulanje magazi savuta kutayika. Ibuprofen nayenso amapweteka impso ndi m'mimba thupi likauma.

Dziyezeni pasikelo musanathamange ndiponso mukabwerako. Kilogalamu imodzi ikachoka, mwataya madzi pafupifupi lita imodzi. Bwezerani lita imodzi ndi theka m'maola otsatira, ndi kamchere pang'ono m'chakudya.

Ngati mwangodwala malungo, dziwani kuti amatsitsa ma platelet. Mukaona nkhama zikutuluka magazi, kamfuno kosasiya kapena mabala akuda pakhungu, kayezetseni magazi a FBC (kuwerenga maselo a m'magazi) musanabwerere kuphiri. Kupweteka pachifuwa pothamanga, kapena katumba wa mwendo umodzi kutupa n'kutentha, n'zothamangira nazo ku chipatala cha Gulupu tsiku lomwelo.